Galasi lakutsogolo la Beetle ya 1972: ndimate ndi guluu kapena ndikoke chingwe?

Chikumbu72, Chilomoni

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru pa nkhani ya galasi lakutsogolo. Galimoto yake ndi Volkswagen Beetle ya 1972, injini ya 1600, yopangidwa ku Uitenhage ku South Africa. Inali ya malume anga, ndipo atatisiya inangokhala pansi pa mtengo wa mango mpaka matayala kuphwa n'kuyamba kumira m'dothi. Chaka chatha ndinaikokera kwathu, injini tinaidzutsa, mabuleki tinakonza, ndipo mwezi wathawu yatuluka kopopera penti. Pano ili m'galaja yopanda galasi ndi limodzi lomwe, pamene kumwambaku kwayamba kale kuchita mitambo.

Magalasi a m'mbali ndi lakumbuyo sakundidetsa nkhawa kwenikweni. Mutu ukundiwawa ndi lakutsogolo. Lakale lilipo, anyamata a penti analichotsa lamoyo, koma lili ndi mizere iwiri yokhota imene mawaipa anakanda labala wake atatha, moti usiku likakumana ndi magetsi a galimoto ina limangoti mbuu. Labala watsopano wozungulira galasi ndili naye kale. Ananditumizira mphwanga amene ali ku Joni, ndipo ndi uja wokhala ndi kangalande kolowetsamo chrome (kachitsulo konyezimira kozungulira galasi), chifukwa chrome yoyambirira ndinaisunga bwinobwino, zidutswa ziwiri ndi timakilipu take tiwiri.

Ndinapita kwa ena oika magalasi m'tauni muno. Mnyamata amene ndinamupeza anati zoika galasi pokoka labala ndi chingwe n'zachikale, iye angopaka guluu wakuda uja amamatira magalasi a ma Vitz ndi ma Sienta, kenako labalayo amuveke pamwamba kuti pazioneka bwino. Akuti akatero silidzadonthanso mpaka kalekale. Mtima wanga sunakhazikike nazo. Bambo ena a ku Ndirande akuti ndisataye ndalama kuitanitsa galasi kunja, andidulira pa laminated (magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati) imene amaika m'mawindo a masitolo, bola ndiwapatse lakalelo ayezere.

Nayenso labala akundizunguza. Nditamuyesa pa galasi lakale akuoneka wamfupi. Ndikalowetsa pamwamba, pansi pakuvuka, ndikagwira pansi makona akutuluka. Kodi mphwangayo anagula wolakwika, kapena ndi mmene amakhalira akakhala watsopano? Komanso nsalu ya kudenga sitinaike. Telala wa mipando akuti ndiyambe ndaika magalasi onse kuti fumbi lisamalowe, iye abwera pambuyo.

Inu amene munaikapo galasi pa galimoto zakalezi ndi manja anu, ndiuzeni choyamba n'chiti, chrome imalowa nthawi yanji, chingwe chake n'chotani, ndipo ndipake chiyani kuti labala aterere. Wondithandiza kukankha ndi mwana wanga wa Fomu 4, koma mphamvu zake sadziwa kuziyeza.

Madala_a_ku_Kanjedza

Achimwene, pepani za malumewo, ndipo mwachita bwino kuidzutsa galimotoyo. Mnyamata wa guluuyo musamupatse makiyi.

Guluuyo payekha si woipa. Pa galimoto za masiku ano galasi limathandiza kulimbitsa denga, chitsulo chake anachisiya chotambalala dala kuti guluu akhalepo, ndipo galasilo lili ndi mkombero wakuda wotchinga dzuwa kuti lisaphe guluuyo. Beetle ilibe zonsezo. Pamene pamakhala galasi pali kamlomo kachitsulo kopyapyala, pokumanira malata awiri owotchereredwa pamodzi. Galasi silikhudza chitsulo paliponse. Limakhala m'kangalande kamodzi ka labala, kangalande kena n'kuluma kamlomo kachitsuloko, ndipo galimoto ikamadzipotokola m'maenje a ku Chilomoni labala ndi amene amameza kugwedezekako. Guluu pamenepo alibe pokhala, adzangodzaza mipata, ndipo tsiku lodzachotsa galasi mudzachotsa ndi penti yomwe.

Telala wanu nayenso wayambira kumchira. Nsalu ya kudenga ndiyo imayamba. Pa Beetle nsaluyo imakokedwa n'kupindidwa pa kamlomo komweko, kumatidwa ndi guluu wa kontakiti, ndipo labala wa galasi amabwera kudzaipana pamwamba. Mukaika magalasi kaye mudzawachotsanso onse. Akamata aidule pafupi, isatulukire kunja kwa labala, chifukwa ikasuzumira kunja imayamwa madzi a mvula n'kuwalowetsa m'kati. Igone usiku wonse iume, apo ayi chingwe chidzaisupula podutsa.

Za kufupika kwa labala musafulumire kudzudzula mphwanu. Amamupanga wothinirapo dala kuti agwire galasi. Muyanikeni pa lata padzuwa la masana, kapena mumuviike m'beseni la madzi otentha amene dzanja lingapirire, mpaka afewe. Galasi ligone pa tebulo loyalapo bulangete. Pezani polumikizira labalayo, pakhale pakati pamwamba, ndipo kangalande ka chrome kayang'ane kunja kwa galimoto. Ngati makona ake ndi oumba kale, lowetsani makona anayi choyamba, mbali zitsatire. M'kangalande ka galasi musapakemo choterera chilichonse, chifukwa chimavula labala. Mwana azigwira pamene mwadutsa kale, kapena muzimanga ndi masking tepi.

Labala akangolowa, chrome ilowe pomwepo galasi lidakali pa tebulo. Likakwera pa galimoto kangalande kaja kamatsekeka, ndipo mukadzayesa kuilowetsa mudzangoipinda. Ndi aluminiyamu wofewa, chala chokha chimamukhotetsa. Iyaleni kaye pamwamba pa labala muone ngati ikutsatira makona, ndipo pamene yaphonya muiwongole ndi manja mwaulemu. Kenako lowetsani kachingwe kakang'ono m'kangalande kakeko, muzikasolola pang'onopang'ono uku chala chachikulu chikukanikiza chrome m'mbuyo mwake. Makilipu amatseka pakati pamwamba ndi pakati pansi.

Chingwe chokokera chikhale cha nayiloni, chosalala, mamilimita 4 kapena 5. Chija choyanikira zovala chimagwira ntchito. Cha khonje ayi, twaini ayinso, zimacheka labala. Chizungulire galasi lonse n'kutsalako theka la mita ku nsonga iliyonse. Chimalowa m'kangalande kam'kati, kamene kadzalume chitsulo. Tengani chibolopeni chotha, chotsani cham'kati, pisani chingwe m'menemo, nsonga ya bolopeniyo muitsomeke m'kangalande n'kumaikoka mozungulira, chingwe chimatsala m'kati chokha. Nsonga ziwirizo zipitirirane pakati pansi ndi masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo muzimate ndi tepi kumbali ya m'kati ya galasi kuti zisapanike.

Mawaipa ndi kagalasi koonera kumbuyo zichoke. Pakani thovu la sopo pa labala ndi pa kamlomo. Nyamulani awiri, mukhazike mbali yapansi pa kamlomo kapansi, nsonga za chingwe zigwere pa dashibodi. Musanakoke, imani kutsogolo kwa boneti muyerekeze mpata wa kumanja ndi wa kumanzere. Anthu ambiri amathamangira pamenepa, kenako n'kumadabwa kuti kona lomaliza likukana, chikhalirecho galasi linayamba lopendekera. Mipata ikafanana, inu lowani m'kati, mwana akhale kunja ndi zikhatho zotambasula, azikanikiza pamene chingwe changodutsa kumene, cham'kati komanso chapansi. Chibakera chisaoneke. Chingwe muzichikokera chapakati pa galasi, chogona motsatira galasilo, osati pachifuwa panu. Kokani pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, muzisinthana choncho. Pa makona muzichizunguza pang'onopang'ono kuti mlomo wa labala ugubuduke wokha osang'ambika, n'kukamalizira pakati pamwamba.

Chingwe chikalimba moti mukufuna kuchikulunga m'manja n'kuponda dashibodi, imani. Kankhirani galasi kunja muyambirenso. Sikuludalaiva ikhale m'bokosi lake. Ngati mlomo wakunja wapindikira m'kati, utulutseni ndi chogwirira cha mswachi wakale chosongola pa simenti.

WakuJoni_VW

Moni nonse. Za kaikidwe Madala amaliza, ine ndiwonjezere za galasi lenilenilo, popeza Loweruka ndimathandiza pa galaja ina ya ma VW akale kuno.

Musaitanitse potchula chaka chokha. Ku Uitenhage, kumene pano kukutchedwa Kariega, anapanga ma Beetle kuyambira 1951 mpaka Januwale 1979, onse pamodzi 288,353, ndipo galasi silinali limodzi zaka zonsezo. Ku Germany linakulitsidwa mu Ogasiti 1957, linakulitsidwanso mu Ogasiti 1964 n'kukhotako pang'ono, kenako Beetle ya mtundu wa 1303 imene inatuluka mu 1972 inabwera ndi lalikulu lokhota kwambiri. Kuno ya mtundu wa 1600S inatengera lokhota kwambirilo. Yanuyo ikuyenera kukhala m'gulu loyambira 1965, koma galimoto ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri, ndipo pa Beetle bodi imamasuka ku chesisi ndi mabawuti basi. N'zotheka kupeza bodi ya chaka china itakhala pa chesisi ya chaka china. Nambala imene ili pansi pa mpando wakumbuyo imangokuuzani za chesisi. Yezani galasi lakalelo m'litali ndi m'lifupi podutsa pakati, mujambule tepi ikuoneka, mutumize kwa wogulitsa. Labala nayenso akhale wa gulu lomwelo. Wa 1958 mpaka 1964 amakhaladi wamfupi pa galasi la 1965, ngakhale mumuphike. Mukamufewetsa monga anenera Madala koma n'kumafunabe kumukoka mpaka kupyapyala m'makona, dziwani kuti si wake.

Za bambo a ku Ndirande aja, akaneni mwaulemu. Gonekani thabwa lowongoka pa galasi lakale, muona kampata, chifukwa ndi lokhotako. La m'masitolo ndi lathyathyathya, ndipo laminated ya nyumba kawirikawiri imakhala mamilimita 6.38, kutanthauza magalasi awiri a mamilimita 3 ndi pulasitiki ya 0.38 pakati. Ya galimoto pulasitiki yake ndi 0.76, ndipo galasi lonse limakhala cha m'mamilimita 5. Lokhuthalalo lidzayasamula kangalande ka labala n'kuthina pa chitsulo, ndipo lathyathyathya mukalikakamiza pa malo okhota silichedwa kung'aluka. Nzeru yodulayo imatheka pa ma Beetle akale kwambiri a galasi lathyathyathya, koma pogwiritsa laminated ya galimoto, osati ya mawindo.

Onaninso chidindo pa kona ya lakalelo. Ambiri a nthawi imeneyo anali toughened. Limenelo ndi lolimba polikankha, koma mwala ukalipeza limaphulika lonse n'kusanduka timibulu ngati mchere wa pamsika, inu muli pa liwiro osaonanso msewu. Laminated imangochita mng'alu n'kukhala pomwepo. Gulani laminated, ndipo pa chidindo muyang'ane chilembo E m'kabwalo ndi 43R, timizere tiwiri pambali pake, kapena AS1, kapena chizindikiro cha SABS. Chenjezo n'lakuti poika, laminated ndi yosapirira. Toughened mutha kuimenyako ndi chikhatho osamva kanthu, pamene laminated ikapindika pang'ono, makamaka ngati m'mphepete muli pobenthuka, mng'alu umayenda mukuuona. Choncho mwana wanu wamphamvuyo aphunzirire pa galasi lakumbuyo ndi timagalasi ta m'mbali, amene ndi toughened ndipo kaikidwe kake n'komweko. Lakutsogolo likhale lomaliza manja atazolowera.

Pobwera, kaya pa basi kaya pa thiraki, njira yake ndi yaitali: Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Liikidwe m'bokosi la matabwa, loimirira, osati chogona pansi pa matumba a anthu. Lisiti iyende nalo chifukwa a MRA adzaifuna pa chipata. Likafika tsegulani pomwepo wobweretsayo akuona, muyang'ane m'mphepete monse.

Mayi_wa_penti, Lilongwe

Bambo Chikumbu, ine ntchito yanga ndi kuwongola ndi kupopera penti kuno ku Biwi, ndipo magalimoto odontha kutsogolo amathera kwa ife. Madala andikhululukire, pa sopo ndisiyana nawo pang'ono. Sopo wamadzi wotsukira mbale amamuthira mchere kuti akhuthale, ndipo wa ufa wochapira ndi waukali kuposa pamenepo. Thovu limenelo likatsekeredwa pansi pa labala silituluka, ndipo pamene penti yakandika pang'ono dzimbiri limayambira pomwepo. Ine ndimagwiritsa gilisalini wa m'botolo, yemweyu timadzola nthawi yozizira, wosungunula ndi timadzi. Girizi, oyilo wa injini ndi Vaseline musayerekeze, labala wa masiku ano ndi EPDM ndipo amatupa n'kufewa akakumana ndi mafuta otere. Mafuta a mabuleki, amene anyamata ena amakonda kupaka kuti labala anyezimire, amasupula penti. Silikoni wopopera amatereretsa bwino, koma paliponse pamene wagwera penti sigwiranso, ndipo mudzatitukwana ife tsiku lodzakonza pena.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi makona awiri apansi. Galimoto imene yakhala zaka pansi pa mtengo, masamba ndi madzi zimasonkhana pamenepo, ndipo penti yatsopano imabisa zambiri. Tengani maginito ang'ono, ngakhale a m'sipika yakufa, muwakulunge m'kansalu n'kuwayendetsa pa kamlomo konse ndi m'makonamo. Pamene sakugwira pali fila, phala lija limadzaziridwa m'mabowo a malata asanapopere penti. Fila wochuluka amachepetsa malo a galasi, labala amathina pamodzi, ndipo galasi limadzang'aluka pa bampu patapita milungu popanda mwala uliwonse, mwini wake n'kumati analodzedwa. Ngati chitsulo chinadyeka, adule awotcherere chigamba n'kupala chisalale, ngakhale zikutanthauza kubwereza penti pa konapo. Kamlomo ngati kapindika penapake, kawongoleni ndi pulayala yokulunga nsalu. Timinga ta owotcherera ndi madontho a penti ouma muzipale ndi fayilo, chifukwa n'zimene zimakola chingwe n'kung'amba mlomo wa labala, kenako pamene mwapalapo mupake pulaima ndi penti ziume. Penti ya mwezi watha yalimba mokwanira, komabe matani masking tepi mozungulira kuti chrome isakande poika.

Silikoni wa ku bafa, uja wonunkha viniga, asafike pa galimotoyo. Asidi wake amadyetsa chitsulo dzimbiri mobisika, ndipo samatirira bwino pa labala. Pakafunika chotsekera madzi gulani butyl wosauma, wolowetsa pansi pa mlomo wakunja galasi litakhala kale pamalo pake.

Madala_a_ku_Kanjedza

Achemwali, palibe chokhululukira, mwanena zoona. Ife tinkasungunula sopo wamtanda pang'ono chabe, chifukwa masiku amenewo gilisalini anali wa amayi kunyumba ndipo ukamutenga kunkakhala milandu. Achimwene, tsatirani za gilisalinizo, za maginitonso musazidumphe. Ndiwonjezere chimodzi: padzuwa payanikidwe labala yekha. Galasi ndi galimoto zikhale pamthunzi, chifukwa ndi kutentha kwa Okutobalaku galasi likakhala panja mwana sangaligwire ndi zikhatho, ndipo choterera chimauma musanafike pa kona loyamba.

Chikumbu72, Chilomoni

Ndabweranso, akuluakulu, galasi lakwera.

Mayi a ku Biwi, maginito anu ananena zoona. Kona lapansi la kumanzere sanagwire ngakhale pang'ono. Titakanda tinapeza fila wakalekale, wa nthawi ya malume, atakutira bowo lolowa zala ziwiri. Tinadula, tinawotcherera chigamba, wa penti anabwera kudzafananiza mtundu. Ndalama inatuluka imene sinali mu bajeti, ndipo amayi a kunyumba afunsa kale ngati galimotoyi idzayendepo tisanakalambe. Telala anang'ung'udza koma anaika nsalu yake choyamba, n'kuipana ndi timakilipu ta mapepala a mu ofesi usiku wonse.

Achimwene a ku Joni, miyezo inagwirizana ndi gulu la 1965, ndipo galasi linafika lamoyo m'bokosi lake, chidindo cha 43R chili pa kona. Lakale lija linalidi toughened. Labala anali wake ndithu. Atakhala pa lata masana anafewa, analowa ndi zala zokha, ndipo chrome itangolowa anasiyiratu kuvuka. Ndinadabwa kuona mmene kachitsulo kofewa kaja kamagwirira labala m'makona.

Tinayamba ndi timagalasi ta m'mbali, kenako lakumbuyo, ndipo pofika pa lakutsogolo mwana anali atamva kuti chikhatho chimatsatira chingwe, sichitsogola. M'kati muja munthu umaona zonse pafupi. Ukakoka, mlomo wakuda umadzuka kuseri kwa chitsulo, n'kupindikira m'kati n'kugona pa nsalu yoyera, chingwe chikutuluka chonyowa ndi gilisalini. Mbali yapansi inapita bwino, makona apansinso chimodzimodzi. Pa kona lapamwamba la kumanja chingwe chinalimba, nsalu inayamba kuchita makwinya. Ndinamuuza mwana achotse manja, tinakankhira galasi kunja, ndinadula kansalu kamene kanaunjikana pa konapo, tinapisanso chingwe ndi bolopeni ija n'kuyambiranso. Ulendo umenewo linalowa lonse, ndipo pomaliza pakati pamwamba galasi linamveka kukhala pansi lokha. Mnyamatayo akuuza anzake kuti analiika ndi iye.

Tsono nali funso latsopano. Nditabwezera mawaipa ndinathira madzi ndi payipi kuyambira padenga, ndipo nditatsegula boneti ndinapeza kuseri kwa dashibodi kwanyowa, pafupi ndi mawaya, madontho ena atafika pansi mbali ya pasenjala. Pa kona lomwe tinawotcherera lija mlomo wakunja wa labala sunagone bwinobwino pa penti, pali kampata kolowa chikhadabo. M'kati nsalu ndi youma, labalanso m'kati ndi wouma ndikapisa chala. Butyl ndamupeza pa sitolo ina ku Limbe. Ndipake pa kona lokhalo, ndizungulize galasi lonse, kapena lichokenso? Ndikufuna ndithane nazo ndisanapite kukayezetsa COF, kuti mapepala ndikamata pa galasipo ndimate kamodzi.

Madala_a_ku_Kanjedza

Mwagwira ntchito, achimwene, mnyamatayo mugulireni Fanta. Galasi lisachoke, butyl nayenso ayambe wadikira.

Mwathira madzi kuyambira pamwamba, ndiye simungadziwe polowera. Pukutani paliponse paume, yalani nyuzipepala kuseri kwa dashibodi, mwana akhale m'kati ndi tochi. Payipi ikhale yopanda mphamvu, muyambire pansi penipeni, pa chitsulo cha pakati pa boneti ndi galasi, osakhudza labala. Dikirani mphindi zingapo, tsegulani boneti muone nyuzipepala. Pamenepo pali mabowo amene anthu amaiwala: timipini tiwiri ta mawaipa tili ndi timalabala take, kabowo ka kopopera madzi a galasi, ndi ka eriyo ngati ilipo. Anyamata a penti amachotsa timalabala timeneto ndipo kawirikawiri sitibwerera, kapena timabwerera tong'aluka. Labala wa boneti nayenso muoneni. Popeza mukuti m'kati mwa labala wa galasi ndi mouma, ine ndikukayikira mawaipa. Pansi pakapanda kudontha, kwezani payipi pa kona limodzi, kenako linalo, kenako m'mbali, denga pomaliza.

Kampata ka pa konako kawirikawiri ndi chrome imene yakokera labala m'kati. Imikani galimoto padzuwa labala afunde, ndiye ndi zala zazikulu ziwiri mukankhire chrome ndi labala chakukona, pang'onopang'ono, osatsamira galasi. Ena amagogoda ndi kathabwa, koma pa laminated ine sindingakulimbikitseni. Labala watsopano amapitiriza kukhazikika kwa masiku angapo. Pakatha sabata kampatako kakadalipo, tukulani mlomowo ndi mswachi uja, finyirani butyl pang'ono kuyambira masentimita 10 pamwamba pa kona mpaka 10 kupitirira kona, kanikizani, wotuluka mumupukute ndi kansalu. Kuzunguliza galasi lonse n'kosafunika. Jambulani konalo chapafupi, kuwala kukuchokera m'mbali, mutumize tione ngati ndi chrome kapena chigamba chija chinatsika pang'ono.